Musanagule katiriji yatsopano ya turntable yanu, yang'anani kaye mkono ndi phono stage

Munthu akakhala ndi turntable (makina oimbira mbale za nyimbo) yapamwamba, kaya ndi Linn Sondek LP12, Technics SL-1200G kapena Rega Planar 8, tsiku limafika pamene amayamba kuganiza kuti mbale zake zikhoza kumveka bwino kuposa mmene zikumvekeramu. Maso amathamangira kunsonga kwa mkono, pamene pali kabokosi kakang'ono konyamula singano. Kabokosi kameneka ndiye katiriji, ndipo n'zoona kuti mukaisintha, mawu amasintha momveka ndithu. Komatu pomwepa ndi pamene ndalama zambiri zimalowera m'madzi, chifukwa anthu amasankha poyang'ana dzina ndi mtengo, kuiwala kuti katiriji siyimba yokha. Imadalira mkono umene waigwira, imadaliranso phono stage imene imalandira timagetsi tochokera mwa iyo. Ziwirizi zikapanda kugwirizana nayo, katiriji yodula kwambiri imagonja kwa ina yotchipa imene yaikidwa mosamala.

Tiyambire pa mbale penipenipo. Kanjira kamene singano imayendamo kali ndi zipupa ziwiri zopendekeka, chilichonse pa madigiri 45, ndipo kuyambira pamene mbale za stereo zinafala mu 1958, chipupa cha mbali ya pakati pa mbale chimanyamula mawu a kumanzere, cha kunja chimanyamula a kumanja. Zipupazi sizosalala ayi, zili ndi timapiri ndi tizigwa tosaoneka ndi maso, ndipo nyimbo yonse ili m'menemo. Singano ya dayamondi ikamadutsa imagwedezeka, kugwedezekako kumayenda m'kandodo kopyapyala kotchedwa cantilever, kamene kamalowa m'thupi la katiriji kudzera pa kalabala kofewa. Kumapeto kwina kwa kandodoko ndi kumene kugwedezeka kumasanduka magetsi.

Pali njira ziwiri zazikulu zochitira zimenezi. Mu katiriji ya MM (moving magnet), kandodo kamagwedeza kamaginito pafupi ndi makoyilo amene angokhala phee. Mu katiriji ya MC (moving coil) zinthu n'zotembenuka: maginito ndi amene akhala phee, kandodo n'kumagwedeza timakoyilo ta waya wochepetsetsa. Pali mtundu wachitatu, wa Grado ndi Soundsmith, umene umagwedeza kachitsulo, koma pa nkhani ya magetsi yambiri mwa iyo imalumikizidwa ngati MM. Chimene anthu amakondera MC n'chakuti timakoyilo tija timapepuka kuposa maginito, choncho singano imatembenuka msanga potsata tizigwa tating'ono. Kampani ya Ortofon ya ku Denmark inatulutsa MC yake yoyamba mu 1948, chaka chomwecho chimene Columbia inabweretsa mbale yoimba nthawi yaitali ya LP, ndipo mpaka lero makatiriji ambiri odula zedi ndi a MC.

Kupepukako kuli ndi mtengo wake. Koyilo yaing'ono imatulutsa magetsi ochepa. MM wamba imapereka pakati pa mamilivolti (mV) 3 ndi 5, pamene MC yeniyeni imapereka 0.2 mpaka 0.5 mV basi, kuchepa kakhumi kapena kuposa. Ndiye funso loyamba musanatulutse ndalama ndi ili: kodi phono stage yanu ili ndi mbali ya MC? Phono stage imagwira ntchito ziwiri. Imabwezeretsa mawu mmene analili, popeza podula mbale amachepetsa dala besi n'kukweza mawu opyapyala motsata muyeso wa mu 1954 wa RIAA, bungwe la makampani a nyimbo ku America. Imakuzanso timagetsi tija kuti ampulifaya itimve. MM imafuna kukuzidwa ndi 40 dB (muyeso wa kakuzidwe ka magetsi) kapena chapomwepo, MC imafuna 60 dB kapena kuposerapo. Mukalumikiza MC ku malo a MM, mawu amatuluka ofooka ngati akuchokera kuseri kwa phiri, ndipo mukakweza voliyumu mumangokweza phokoso la "shhh". Ngakhale phono stage ikhale ndi batani lolembedwa MC, si zonse zimene zimakuza 60 dB mwakachetechete. Ine ndimaona kuti munthu amene phono stage yake ndi yapakatikati achita bwino kukhala pa MM yabwino kusiyana n'kulumphira ku MC imene sangaimve mokwanira.

Ena amadutsira njira ya thiransifoma yaing'ono yoikidwa pakati pa turntable ndi malo a MM. Ya 1:10 imachulukitsa magetsi kakhumi, ndiye kuti 20 dB, popanda kuwonjezera phokoso la magetsi ake, chifukwa silumikizidwa ku soketi n'komwe. Imasinthanso katundu wa magetsi (load) amene katiriji imakumana naye, woyezedwa mu ohms: 47,000 ohms wa malo a MM amagawidwa ndi 100, katiriji n'kuona 470 ohms. Nkhani ya katunduyi ndi yofunika. MM pafupifupi zonse zimafuna 47,000 ohms, pamene MC zambiri zimakhala bwino pakati pa 100 ndi 1,000 ohms, ndipo lamulo losavuta kuyambira nalo n'lakuti katunduyo apose kakhumi impedance ya katiriji, kutanthauza ma ohms a makoyilo ake. Kwa MM chodetsa nkhawa ndi capacitance (kusunga timagetsi kwakanthawi kumene mawaya ndi phono stage zimachita), imene opanga ambiri amati ikhale pakati pa 100 ndi 300 pF, kuwerengera pamodzi ndi ya mawaya a mu mkono ndi chingwe chopita ku phono stage. Ikachuluka, mawu opyapyala amalasa m'makutu, ndipo munthu amayamba kuda katiriji pomwe vuto ndi chingwe chachitali.

Kulemera kwa mkono ndi kufewa kwa labala

Apa ndiye pagona nkhani, ngakhale kuti pa bokosi amapalemba ndi tizilembo tating'ono. Kalabala kogwira kandodo kaja kamagwira ntchito ya sipuling'i, ndipo mkono pamodzi ndi katiriji ndi katundu amene wakhala pa sipuling'iyo. Amene anakwerapo galimoto ya masipuling'i ofewa itasenza matumba a chimanga akudziwa mmene imachitira ikadutsa pa bampu: imamira n'kudzuka, kumira n'kudzuka, osakhazikika msanga. Lole ya masipuling'i olimba ikakhala yopanda katundu imachita zina, imangonjanja mpaka mano kugundana. Mkono ndi katiriji nazonso zili ndi liwiro lake limene zimakonda kunjanjira zikagwedezedwa, ndipo ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti liwiro limenelo lagwera pamalo pamene sipangasokoneze kanthu.

Malo ake ndi pakati pa maulendo 8 ndi 12 pa sekondi, kapena kuti 8 mpaka 12 Hz. Chifukwa chake n'chomveka. Pansi pa 8 Hz ndi pamene pali kugwedezeka kochokera ku mbale zopindika ndi mapazi a anthu oyenda pa thabwa. Kunjanja kukagwera kumeneko, mudzaona masipika akupuma mwamphamvu kulowa ndi kutuluka popanda mawu, nyimbo ikumveka ngati ikuyandama, ndipo mbale ikangopindika pang'ono singano imadumpha. Pamwamba pake, kuyambira cha pa 20 Hz, ndi pamene nyimbo imayambira. Kunjanja kukayandikira kumeneko kumasokoneza besi ndipo singano imavutika kukhazikika m'kanjira.

Kuwerengera kwake sikovuta, foni yanu ikhoza. Mufunika manambala awiri. Yoyamba ndi kulemera konse: effective mass ya mkono (kulemera kwake monga singano imakumvera), imene opanga mkono amalemba, kuphatikiza kulemera kwa katiriji ndi tisikuluwu take. Yachiwiri ndi kufewa kwa labala, kumene amakutcha compliance. Chulukitsani ziwirizi, pezani square root ya yankholo, kenako gawani 159 ndi chimene mwapezacho. Titenge mkono wa Rega RB330, umene uli pa magalamu 11. Muikepo katiriji ya magalamu 8 ndi tisikuluwu ta galamu imodzi, zonse pamodzi 20. Ngati compliance ndi 12, mupeza 240, square root yake ndi 15.5, ndipo 159 kugawa ndi 15.5 ikupatsani 10.3 Hz. Pamenepo zili bwino kwambiri. Koma pa mkono womwewo muike katiriji yofewa ya compliance 30, mutsikira pa 6.5 Hz, m'dera la mbale zopindika lija.

Pali msampha umodzi umene wakola anthu ambiri. Makampani a ku Ulaya monga Ortofon amayeza compliance pa 10 Hz, imene ndi yoyenera pa samuyi, pamene a ku Japan monga Denon ndi Audio-Technica amakonda kuyeza pa 100 Hz, ndipo nambala yake imatuluka yaing'ono. Kuti muigwiritse ntchito muyenera kuichulukitsa ndi 1.5 mpaka 2. Chitsanzo chabwino ndi Denon DL-103, imene inapangidwa mogwirizana ndi wailesi ya NHK ya ku Japan m'zaka za m'ma 1960 ndipo ikugulitsidwabe. Imalemera magalamu 8.5, imatulutsa 0.3 mV, ndipo pepala lake limati compliance ndi 5. Mukatenga 5 ameneyo mmene alili pa mkono wa magalamu 11, samu ikuuzani kuti muli pafupi ndi 16 Hz, mungathe kuithawa. Mukamusintha kukhala 10, muli cha pa 11 Hz. Ngakhale zili choncho, amene amaidziwa bwino DL-103 amaikonda pa mkono wolemera, chifukwa labala wake ndi wolimba ndipo amakankhira kugwedezeka kwambiri mu mkono. Samu imakuuzani ngati ukwati ungatheke, koma kulimba kwa chubu cha mkono ndi mabering'i ake nakonso kumalankhulapo.

Mbiri ikutithandiza kumvetsa chifukwa chake mikono imasiyana chonchi. M'zaka za m'ma 1970 anthu ankathamangira makatiriji ofewa kwambiri monga Shure V15, oyenda ndi galamu imodzi yokha kapena kuposa pang'ono, ndipo mikono inapangidwa yopepuka kuti igwirizane nawo, monga SME 3009 Series III. Kumbali inayi kuli Ortofon SPU, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, yolimba, yofuna magalamu pafupifupi 4 ndi mkono wolemera. Shure inasiya kupanga makatiriji mu 2018, ndipo makatiriji ambiri a lero ali pakatikati, monganso mikono yambiri ya lero. Koma ngati turntable yanu ili ndi mkono wakale wopepuka, musaganize kuti MC iliyonse yamakono ikhalapo bwino.

Nsonga ya singano

Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingalimbikitse munthu kuikapo ndalama, ndi kasemedwe ka nsonga ya singano. Taonani chimene chimachitika mbale ikamazungulira. Liwiro lake silisintha, ndi maulendo 33 ndi kachigawo pa mphindi, koma kunja kwa mbale kanjira kamadutsa pansi pa singano pa masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, pamene m'kati, pafupi ndi pepala la dzina, kamadutsa pa masentimita 21 okha. Ndiye kuti nyimbo yomweyo iyenera kupanikizidwa m'malo ochepera theka, timapiri tija n'kukhala tothithikana. Singano yozungulira nsonga, ya conical, imakhala yonenepa moti singalowe bwino m'tizigwa timeneti. Ndicho chifukwa nyimbo yomaliza pa mbali iliyonse imamveka yokanda, woimba akafika pa "s" mawu n'kumathetheka.

Singano ya elliptical anaisema mopyapyala m'mbali kuti izilowa bwinoko. Kenako kunabwera ya Shibata, imene Norio Shibata wa ku JVC anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chifukwa cha mbale za CD-4 za masipika anayi, zimene zinkafuna singano yotha kuwerenga mpaka cha pa 45,000 Hz. Mbale zimenezo sizinakhalitse, koma singanoyo inatsala, ndipo inatsegula njira ya mitundu ina monga Fine Line, MicroLine ndi van den Hul. Zonsezi zimakhudza chipupa ndi kamzere kakatali koima koma kopyapyala kwambiri. Kupyapyalako kumazilola kutsata tizigwa ta m'kati mwa mbale, kutalikako kumagawa kulemera pa malo aakulu, moti singano ndi mbale zomwe sizitha msanga. Audio-Technica imati pa makatiriji ake a VM95, elliptical imatha pa maola pafupifupi 300, conical pa 500, Shibata pa 800, MicroLine pa 1,000. Mukawerengera mtengo pa ola lililonse, yodula ija imapezeka kuti siyodula kwenikweni.

Kaikidwe ka dayamondi nakonso kamasiyana. Pa masingano otchipa amamata kachidutswa ka dayamondi pa kachitsulo, pamene pa abwino dayamondi yathunthu imalowa mwachindunji mu kandodo, imene amati nude, ndipo imapepuka. Kandodo kameneka kamakhala ka aluminiyamu, koma pa makatiriji apamwamba amagwiritsa boron, ruby, sapphire, ngakhale dayamondi yomwe, pofuna kulimba kopanda kulemera.

Apa MM ili ndi mwayi umene anthu amaupeputsa. Singano yake imazuka ndi zala, n'kulowetsapo ina. Amene ali ndi Ortofon 2M Red akhoza kuikapo singano ya 2M Blue, wa 2M Bronze akhoza kuikapo ya 2M Black ya Shibata, ndipo thupi la VM95 limalandira singano iliyonse ya banja lake kuyambira conical mpaka MicroLine. Simumasula sikuluwu kapena waya. Ndi MC sizitheka: singano ikatha kapena kandodo kakathyoka, katiriji yonse iyenera kupita kwa opanga kapena kwa amisiri ake, monga Soundsmith ku New York kapena van den Hul ku Netherlands. Kwa munthu wokhala ku Lilongwe kapena Lusaka, zimenezi zikutanthauza kutumiza kunja kanthu kosalimba, kulipira ulendo wopita ndi wobwera, ndi kudikira turntable ili chete. Muziwerengere musanagule.

Kuika katiriji pa mkono

Chotchingira singano chikhale pomwepo kufikira mutamaliza kumanga, ndipo ampulifaya ikhale yozima. Kumbuyo kwa katiriji kuli timapini tinayi, ndipo mkono uli ndi timawaya tinayi ta mitundu: woyera ndi wa kumanzere, wabuluu ndi mnzake wobwerera, wofiira ndi wa kumanja, wobiriwira ndi mnzake wobwerera. Timawayati n'topyapyala ngati tsitsi, ndipo kumapeto kwake kuli timachubu tachitsulo tovala pa pini. Gwirani kachubuko ndi kopanira kakang'ono, osati waya, ndipo kokani molunjika. Mapini a makampani amasiyana kunenepa. Kachubu kakakhala kothina, lowetsanimo nsonga ya kamtengo kotokosera mano kuti katseguke pang'ono. Kakakhala kokhwepa, kafinyeni kamtengoko kali m'kati kuti kasaphwanyike. Musayerekeze kuwotcherera waya pa pini, kutenthako kumapsereza koyilo m'kati. Samalaninso ndi sikuludiraiva yachitsulo pafupi ndi MC, maginito ake ndi amphamvu moti amaikoka mwadzidzidzi n'kukaigunditsa pa kandodo.

Mabowo a tisikuluwu atalikirana mamilimita 12.7 pa makatiriji pafupifupi onse. Mangani mosalimbitsa kaye kuti katiriji izitha kusuntha. Kenako ikani kulemera kwa singano pafupi ndi kumene opanga anena, chifukwa kandodo kamasintha kakhalidwe kakalemedwa, ndipo mufunika kuyeza zinazo kali mmene kazidzakhalira.

Tsopano kulunjikitsa. Podula mbale, mpeni wake umayenda mowongoka kuchoka kunja kupita pakati, koma mkono wanu umayenda mokhota ngati uta. Choncho singano imakhala yolunjika bwino ndi kanjira pa malo awiri okha, kwina konse imapendekera pang'ono. Erik Löfgren anawerengera nkhaniyi mu 1938, H. G. Baerwald mu 1941, ndi J. K. Stevenson mu 1966. Njira yodziwika ndi dzina la Baerwald imaika malo awiriwo pa mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pa msomali wa pakati, ndipo imagawa kulakwikako mofanana pa mbale yonse. Ya Stevenson imakankhira malo a m'kati pa mamilimita 60.3, pofuna kuyeretsa nyimbo zomalizira. Anthu amakangana kwambiri pa njirazi, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kulakwitsa ndi milimita imodzi poyeza. Sankhani imodzi, muitsate bwino. A Technics anafewetsa ntchito ndi kapulasitiki koyezera mamilimita 52 kuchokera pa tsinde la headshell (kamutu ka mkono komangirapo katiriji) kufika pa nsonga ya singano, ndipo Rega ili ndi sikuluwu yachitatu imene imaika makatiriji ake ena pamalo pake yokha.

Mukaika chipepala choyezera, cha timadontho tiwiri toimira malo awiri aja, pa chozungulira chimene mbale imakhalapo, matani chozunguliracho ndi katepi kuti chisasunthe, ndipo anti-skate, yokokera mkono kunja, ikhale pa ziro. Tsitsani singano pa kadontho koyamba, muwalitse tochi, muwerame mpaka diso lifanane ndi kutsogolo kwa katiriji. Chimene mukuyang'ana ndi kandodo, ngati kagona motsata mzere wa pa pepala. Thupi la katiriji likhoza kukunamizani, chifukwa si nthawi zonse pamene kandodo kamakhala pakati penipeni. Nyamulani mkono, potozani pang'ono, tsitsaninso, kenako pitani pa kadontho kachiwiri. Mudzabwerera uku ndi uku kangapo zisanagwirizane. Zikagwirizana limbitsani tisikuluwu mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti katiriji isapotoke pomanga, ndipo muyezenso mukamaliza.

Kulemera kwa singano muyeze ndi kasikelo ka digito kosakokedwa ndi maginito, kali pa msinkhu wofanana ndi mbale. Manambala a pa chitsulo cha kumbuyo kwa mkono musawakhulupirire kwambiri. Ngati opanga anena magalamu 1.8 mpaka 2.2, yambani pa 2.0. Ambiri amaganiza kuti kupepukitsa kumateteza mbale, koma zoona zake n'zakuti singano yopepuka mopitirira imalekana ndi chipupa pa mawu amphamvu n'kubwereranso mochimenya, ndipo kumenyako ndi kumene kumawononga kanjira mosabwezeka. Anti-skate ndi yolimbana ndi mphamvu imene imakokera mkono m'kati mbale ikamazungulira. Iyambireni pa nambala yofanana ndi kulemera kwa singano. Ikachepa, kukanda kumayambira ku sipika ya kumanja, ikachuluka kumayambira kumanzere.

Zatsala ziwiri, ndipo zimakula kufunika singano ikakhala ya Shibata kapena MicroLine, chifukwa kamzere kake kopyapyala sikakhululuka kupendekeka. Choyamba ndi msinkhu wa mkono. Yambani chubu cha mkono chitagona mofanana ndi mbale, osapendekeka, singano ili m'kanjira. Pa mkono wa mainchesi 9 muyenera kukweza tsinde ndi mamilimita 4 kuti singano ipendekeke ndi digiri imodzi, ndiye musade nkhawa ndi theka la milimita. Amene ali ndi turntable ya Rega adziwe kuti mikono yawo ilibe pokwezera ndipo makatiriji a Rega ndi aafupi kuposa ambiri, choncho katiriji ya kampani ina nthawi zambiri imafuna kachitsulo koika pansi pa tsinde la mkono. Chachiwiri ndi azimuth, kuti singano iime chilili poiyang'ana kutsogolo. Itsitseni mosamala pa kagalasi kakang'ono: katiriji ndi chithunzi chake zipange mzere umodzi wosathyoka. Ikapendekera, mawu a kumanzere amadumphira kumanja, oimba n'kusiya kuima pamalo awo pakati pa masipika.

Labala watsopano amayamba ali wolimba ndipo amafewa pang'ono m'maola makumi angapo oyambirira, choncho musaweruze katiriji usiku woyamba. Nthawi imeneyo ikadutsa yezaninso kulemera ndi msinkhu wa mkono, popeza kandodo kamakhala katatsika pang'ono. Singano muzipukuta ndi kabulashi kouma kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, osati cham'mbali, ndipo mupewe sipiriti chifukwa ikhoza kufooketsa guluu wogwira dayamondi. Mbale ya fumbi imadya singano msanga kuposa maola amene opanga amalemba, ndiye muzitsuka mbale, makamaka zogula kwa ena. Mbali imodzi ya LP imatenga mphindi pafupifupi 20, kutanthauza kuti mbali zitatu ndi ola limodzi. Ikani kabuku pafupi ndi turntable muzilembamo, kuti mudzadziwe nthawi yosintha singano isanayambe kukanda mbale zanu.